Mzinda Wopanda Bwalo

*Makhonsolo athu aphunzira kumanga masitediyamu a mipanda ya njerwa, koma mabwalo a fumbi a m'malokeshoni ndi m'midzi, kumene mpira umabadwira, akutha limodzilimodzi popanda wowalira.*

Dzuwa likapendeka, ana a sukulu ataweruka, ndi mithunzi ya mitengo ya bulugamu itayamba kutalika, bwalo la fumbi la kulokeshoni kumene ndinakulira, mumzinda wa Blantyre, limadzaza monga linkadzazira masiku a ubwana wanga. Ndipo mwezi wathawu, nditapita kukazonda mlongo wanga amene akali kukhala komweko, ndinaima pambali pake nthawi yaitali, ndikuonerera masewero atatu akuchitikira pa malo amene ngakhale amodzi okha sakuwakwaniranso bwino. Pakati panali anyamata omera ndevu kumene, ena ovala nsapato zonse ziwiri, ena imodzi yobwereka, akuthamangitsa mpira wachikopa umene anachita kusonkherana. Kungodya ya kumadzulo kunali ana a msinkhu wa Sitandade 3, akukankha chikulunga cha majumbo chomangidwa ndi zingwe za thumba la feteleza, magolo awo ali miyala iwiri ndi patapata. Kumphepete, pafupi ndi ngalande, atsikana anali pa ntchemberembaye, akuponyera mpira mu mkombero wa njinga yakutha umene anaukhomera pa mtengo wopindika. Njira yopita kuchigayo imadutsa pakati penipeni pa bwalolo, kotero kuti mayi wosenza thumba la ufa akatulukira, woimbira amaimitsa mpira, onse naima mwaulemu kufikira mayiyo atadutsa, kenaka fumbi n'kubukanso.

Chimene chinandilasa mtima ndi ngodya ya kumpoto. Pamene ife tinkamenyera makona, lero pali mpanda wa njerwa wa mabotolo osweka pamwamba, ndipo patsogolo pake pali maziko a nyumba ina ndi mulu wa mchenga. Bambo ena a imvi, amene kwa zaka zambiri akhala akulemba mizere ya bwaloli Loweruka lililonse ndi phulusa la m'chitini chobooka, popanda wowalemba ntchito kapena wowalipira, anandigwira dzanja nandilozera nthambi za mtengo wa mango zimene zikusuzumira pamwamba pa mpandawo. "Mwanawe," anatero, "mango aja munkagenda mukatopa ndi mpira, si awo ali kwa eni ake? Mtengo sunasunthe. Lasuntha ndi bwalo." Nditawafunsa kuti anagulitsa malowo ndani, anangotambasula manja: ena amati ndi amfumu, ena amati ndi a kuofesi, ena amati ndi akomiti ina imene inatha kalekale, koma pepala lake palibe amene analiona.

Dzina ndi katundu wake

Makolo athu, amene sanadziwe mawu akuti bajeti kapena ndondomeko, anali nalo lamulo lawo pa nkhani imeneyi, ndipo linali lolimba koposa mipanda yathu. Pomanga mudzi, ankapatula malo oyera pansi pa mtengo wa kachere kapena mkuyu, nawatcha bwalo. Pamenepo nyakwawa ndi nduna zake ankaweruzira milandu, pamenepo ankalongera mafumu ndi kulandirira alendo, pamenepo ng'oma za chimtali ndi mganda zinkalirira mwezi ukawala, ndipo pomwepo ana ankachitira chipako ndi kumenya nguli. Munthu amene akadayesa kuungapo mzere wa chimanga, kapena kuzikapo nsanamira ya nyumba yake, mudzi wonse ukadamuyesa wodwala mutu. Ndiponso Achewa akanena kuti mfumu yakutiyakuti ili ndi mzinda, sankawerenga madenga a nyumba za m'mudzi mwake. Ankatanthauza kuti mfumuyo inapatsidwa ulemu wokhala ndi bwalo lakelake, lovinirapo chinamwali ndi gule wamkulu. Mawu omwewo tawatenga lero n'kuwaveka Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo meya timamutcha mfumu ya mzinda. Amene walandira dzina asenze ndi katundu wake, pakuti walira mvula walira matope.

Atsamunda anadza ndi mabwalo a mtundu wina, a kapinga wothiriridwa ndi chipata chokhala ndi mlonda, monga a Gymkhana Club ku Zomba, Blantyre Sports Club ndi Limbe Country Club, kumene kwa nthawi yaitali mwana wa dziko lino ankalowa ngati wotchetcha udzu kapena wonyamula ndodo za gofu. Mpira wa anthu athu unakulira kwina: pa mabwalo a mishoni ndi a sukulu, a asilikali ndi apolisi, a makampani a fodya, tiyi, shuga ndi njanji, komanso pa malo amene m'matauni timawatchabe kuti kukomyuniti, okhala ndi holo ndi galaundi pambali pake. Ku Chichiri kunamangidwa bwalo lalikulu limene poyamba linkatchedwa Rangeley, kumene mbendera ya Malawi inakwezedwa pa 6 July 1964, lomwe lero ndi Kamuzu Stadium. Koma pamene Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi anzawo anatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, atagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo pano, nachitenganso mu 1979 ku Kenya, mtundu unali kukolola chimene chinafesedwa pa magalaundi a sukulu ndi a m'malokeshoni. Sitediyamu ndi nkhokwe chabe. Munda uli kufumbi.

Mphamvu ku anthu

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la maboma aang'ono, ndipo chaka chomwecho boma linavomereza ndondomeko yotula udindo ku makhonsolo, imene inatchuka pawailesi ndi mawu akuti mphamvu ku anthu. Kuyambira pamenepo, pamodzi ndi misika, manda, zinyalala ndi misewu ya m'madera, nkhani ya mapaki ndi mabwalo a masewero inakhala ya makhonsolo, amene alipo 35: a maboma 28, a mizinda inayi, ndi a matauni a Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Papepala zinakoma ndithu. Koma makhansala amene anasankhidwa mu November 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike kufikira mu May 2014, kotero kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi zathunthu, munthu amene anaona mulu wa njerwa utatsitsidwa usiku pa galaundi ya kwawo analibe khansala wokamudandaulira, ndipo nkhosa zinali zopanda mbusa pa nyengo imene afisi anali ochuluka.

Pakuti zaka zomwezo ndi zimene anthu anasefukira m'matauni. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, pamene wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali ana osafika zaka 18. Lilongwe, amene mu 1977 anali ndi anthu osakwana 100,000, pofika mu 2018 anali atayandikira miliyoni imodzi, Blantyre ali ndi 800,000. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo midadada yatsopano ya makalasi, posowa kwina koimanga, inadya mbali ya magalaundi a sukulu zambiri; pamenepo palibe amene tingamuloze chala, popeza mwana wophunzirira pansi pa mtengo ayenera denga. Chotsatira chake nchakuti ana anachuluka kanayi pamene malo awo osewerera anali kuchepa.

Bwalo silitha tsiku limodzi. Poyamba pamabwera kaokala kogulitsa sopo ndi machesi, anthu nati n'kosasokoneza. Kenaka wamakala aunjika matumba ake kuseri kwa golo. Kenaka mpingo wina upempha kangodya koti uikepo chisakasa kwa miyezi iwiri yokha, chisakasacho n'kusanduka njerwa. Ndipo pofika tsiku limene anyamata akuzindikira kuti kona sikumenyekanso, aliyense wa anthu amenewa ali ndi kapepala kake ka chidindo. Chimene chimatsegula khomo ndi chakuti mabwalo ambiri a m'malokeshoni alibe chikalata cha umwini ngakhale mabikoni osonyeza malire, ndipo m'maso mwa munthu wofuna poloti, malo opanda nyumba ndi malo ongokhala. Kuonjezera apo, malo a mumzinda ali m'manja ambiri: ena ndi a khonsolo, ena a unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena amagawidwa ndi mafumu a m'tauni, kotero kuti wodandaula amangotumizidwa uku ndi uko mpaka nsapato kutha. Akale anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Koma pa nkhani ya bwalo, yoluma sipezeka.

Tisanyoze makhonsolo ngati kuti sitidziwa umphawi wawo. Chuma chawo chimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ku ziphaso za amayi a mumsika, ku malaisensi a mabizinesi, ndi ku ndalama zimene likulu limatumiza, zomwe ndondomeko ya mu 1998 inati zizikhala zosachepera 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera, ngakhale kuti kawirikawiri makhonsolo akhala akudandaula kuti zimafika zoperewera ndi mochedwa. Tsono makhansala akakhala pansi kuti agawe kanganyase ameneyu, galaundi imapikisana ndi mlatho wokokoloka, galimoto ya zinyalala yofa, ndi malipiro a antchito a miyezi itatu. Ndipo popeza ana saponya voti, bwalo limakhala lopanda nkhoswe m'chipindamo. Poloti imabweretsa msonkho, pamene galaundi imabweretsa fumbi ndi magalasi a mazenera osweka. Komabe tikumbukire Esau, amene njala yake inali yeniyeni, ndi mphodza zija zinali zonunkhira ndithu, koma zonsezo sizinachititse malonda ake kukhala anzeru. Chifukwa ndalama ya poloti imatha mwezi womwewo, pamene bwalo likapita lapitiratu, ndipo madzi akatayika saoleka.

Womanga nsanja ayambe wawerengera

Pali chimene makhonsolo achita chofunika kuwaombera m'manja. Pa zaka zapitazi mabwalo a mipanda amangidwa ku Karonga, Rumphi, Kasungu, Dedza, Balaka, Mangochi ndi Mulanje, ena mwa iwo ndi ndalama za thumba la Local Development Fund, ndipo mpira wa Super League, umene kale anthu a m'maboma ankangoumvera pawailesi, wafika pakhomo pawo. Tsiku limene Bullets kapena Wanderers ikusewera pa boma, wogulitsa mandasi, nzimbe ndi mtedza amaweruka thumba lili tololo, akabaza sapuma, nyumba zogona alendo zimadzaza, ndipo khonsolo imalandira gawo lake la ndalama za pachipata. Amene akukayika za phindu la sitediyamu afunse anthu a ku Chitipa, amene kwa nyengo ndithu timu yawo inkayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukasewerera ku Karonga masewero otchedwa apakhomo.

Koma Mwini fanizo la munthu womanga nsanja anachenjeza kuti munthu ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuti odutsa angamuseke ataika maziko okha. Ku Zomba, galaundi ya kukomyuniti itatsekedwa kuti isandutsidwe sitediyamu, ntchito inakoka zaka zambiri. A nyuzipepala analemba za Red Lions imene inasanduka mlendo pa mabwalo a eni, koma ndi ochepa amene anawerengera ana a sukulu, othamanga a m'mamawa ndi matimu a m'madera amene ankagwiritsa ntchito malowo mwaulere. Ndipo ngakhale sitediyamu itatha bwinobwino, mpanda umadza ndi chipata, chipata chimadza ndi loko, ndipo kiyi wake ali ndi mtengo umene timu ya anyamata osonkherana mpira singaukwanitse. Kapinga amafuna madzi mu October, madziwo ali ndi bilu yake. Makina otchetchera amafuna mafuta, zimbudzi zimafuna wotsuka, mlonda amafuna malipiro. Ndipo khonsolo, pofuna ndalama zolipirira zonsezi, imabwereketsa bwalo kwa a misonkhano ya ndale, a zitsitsimutso ndi a zoimbaimba, malole n'kulowa mpaka pakati, mawa lake osewera n'kumathyoka akakolo m'mikwasa ya matayala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro limeneli tinalilandira tonse monga mtundu mu 2021, pamene Flames, pa masewero odzigulira malo ku World Cup, inalandirira Mozambique, Ivory Coast ndi Cameroon pa Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa bungwe la CAF linaona kuti m'dziko muno munalibe bwalo loyenera, ngakhale Bingu National Stadium, yokhala anthu oposa 40,000, imene inamangidwa ndi ngongole ya ku China n'kutsegulidwa mu January 2017, zaka zinayi zokha m'mbuyo mwake. Itakonzedwa, si Flames yokha imene inabwerera kwawo, koma mu June 2022 dziko la Ethiopia linadzabwereka bwalo lomwelo, n'kugonjetserapo Egypt 2-0. Chimene chinasintha pakati pa manyazi aja ndi ulemu uwu si njerwa zatsopano, koma chisamaliro. Tsono ngati boma lalikulu, ndi nthambi zake zonse, linapunthwa pa udzu, nanga khonsolo yodalira ziphaso za mumsika idzaima bwanji, ikapanda kupatuliratu ndalama ya chisamaliro tsiku lomwe ikuika mwala wa maziko?

Palinso mwambo wina umene wazika mizu, wa zikho ndi mabonanza. Chisankho chikayandikira, ofuna mipando amatulukira ndi mipira, mayunifomu ndi envulopu ya opambana, nyimbo n'kuimbidwa, zithunzi n'kujambulidwa. Ndipo ngakhale sitikana kuti chikho cha phungu kapena cha meya chatulutsa ana aluso amene akadabisika, tiyenera kufunsa kuti ana amenewo adzasewerera pati chaka cha mawa. Mpira wachikopa pa galaundi ya miyala sutha miyezi itatu. Kuchokera mu 2006 pakhala thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. Likadakhala kuti chaka chilichonse kagawo kake kamapita kukayeza malire a bwalo limodzi ndi kuzika magolo achitsulo, bwenzi lero mayina a aphungu ambiri akutchulidwa ndi ana amene sanawaonepo.

Malo a atsikana

Pa onse amene alandidwa malo, atsikana ndiwo alandidwa kawiri, chifukwa ngakhale pa bwalo lotsalalo amakankhidwira kungalande. Chikhalirecho ndi iwo amene akweza mbendera yathu kutali koposa. Malawi Queens inakhala yachisanu pa dziko lonse ku Auckland mu 2007, n'kukhala yachitatu pa mpikisano wa Fast5 ku Melbourne mu 2016. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Cup ya ku Sydney mu 2015. Ndipo zaka zonsezo timuyi inkakonzekerera pa simenti ya Blantyre Youth Centre, dzuwa lili pamutu, kufikira pamene nyumba ya masewero yotchedwa Griffin Saenda inamangidwa ku Lilongwe pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022. Ku mpira wa miyendo nako, Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi amene anayambira pa fumbi la kwawo, afika pomveka ku Ulaya ndi ku America, kumene Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya kumeneko mu 2024, kuposa wina aliyense.

Bwalo la ntchemberembaye ndi la mamita pafupifupi 30 m'litali ndi 15 m'lifupi, malo ochepa kuposa mapoloti a nyumba zina za ku Namiwawa kapena ku Area 10, ndipo palibe khonsolo m'dziko muno imene inganene moona kuti yalephera kupeza malo otero pafupi ndi msika uliwonse. Koma simenti ndi mikombero sizikwanira. Ntchembere yanzeru silola namwali wake kupita kumene kulibe chimbudzi, kulibe pobisala posintha zovala, ndi kumene zidakwa za pashabini yoyandikana zimakhala zikumuponyera mawu. Choncho kachimbudzi kokhala ndi chitseko, mpopi wa madzi, ndi munthu wamkulu woyang'anira, ndizo zimene zimaweruza ngati bwalo lili la ana onse kapena la anyamata okha.

Phulusa ndi bikoni

Ntchito yoyamba imene khonsolo iliyonse ingaigwire osadikira thandizo la kunja ndiyo kuwerenga mabwalo onse amene atsala m'dera lake, a sukulu, a m'malokeshoni ndi a m'midzi, kutumiza oyeza malo kuti azike mabikoni anthu akuona, ndi kulembetsa bwalo lililonse kuti likhale ndi chikalata chake. Kenaka ikhazikitse lamulo lakuti bwalo lisagulitsidwe kapena kusinthidwa ntchito popanda msonkhano wa anthu a m'deralo wochitikira pa bwalo pomwepo, masana, mfumu ndi khansala ali pompo. Kumene akudula mapoloti atsopano, ayambe apatula bwalo monga ankachitira makolo, asanagulitse ngakhale poloti imodzi, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Magalaundi a sukulu, amene m'madera ambiri ndiwo okha atsala, akhale ndi pangano lomveka pakati pa aphunzitsi aakulu, komiti ya sukulu ndi matimu a m'deralo, lonena nthawi yosewerera ndi amene adzakonza chikaonongeka. Bwalo lililonse likhale ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, wolandira kangachepe pamwezi, amene angafunsidwe golo likazulidwa. Ndipo gawo la ndalama za pachipata cha sitediyamu likhale lopatulika, losakhudzidwa ndi ma alawansi a misonkhano, kuti lizibwerera ku udzu umene unalibala ndi ku magalaundi aang'ono amene amaidyetsa osewera.

Amene amati masewero ndi zachibwana akumbukire kuti pa bwalo lomwelo mpamene ana amalandirira katemera, mpamene anthu amafola pa tsiku loponya voti, ndipo namondwe Freddy atagumula mapiri ndi nyumba mu March 2023, kunali kusukulu ndi kumalo oyera otere kumene opulumuka anathawira ndi kumene mahema anazikidwa. Mneneri Zekariya, pofuna kufotokoza Yerusalemu wobwezeretsedwa, sanayambe ndi kutalika kwa malinga ake, koma anaona nkhalamba zogwira ndodo zitakhala pamtetete, ndi ana aamuna ndi aakazi akusewera pamaso pawo. Umenewo ndiwo muyeso umene mfumu ya mzinda iyenera kudziyesa nawo pamene nthawi yake pampando yatha.

Ndisanachoke tsiku lija, mdima uli kugwa ndi amayi atayamba kuitana ana awo mayina mmodzimmodzi, ndinafunsa bambo a imvi aja ngati satopa kulemba mizere imene mvula yoyamba imaifafaniza. Anagwedeza chitini chawo kuti phulusa lotsalira ligwe, nati malinga ngati mzere ukuoneka, womanga amachita manyazi kuulumpha, koma Loweruka limene adzadwale, njerwa zidzayenda. Ndinawayang'ana akutsetserekera kwawo, atawerama pang'ono, chitini chili m'manja, ndipo ndinazindikira kuti malire onse a cholowa cha ana mazanamazana a m'lokeshoni imeneyo akutsamira pa msana wa nkhalamba imodzi ndi phulusa la pamoto pa akazi awo. Bambowo achita mbali yawo kwa zaka zambiri. Chatsala n'chakuti khonsolo ibwere ndi thumba limodzi la simenti ndi woyeza malo, izike mabikoni anayi pamene iwo amathira phulusa, iwo akali moyo kuti aloze pamene ngodya zinali.